Kalata Imene Ndinakubisira, Venansiyo

Kabwazi, Lachiwiri masana

Mwana wanga Venansiyo,

Ndakhala pakhonde kuothera kadzuwa, chifukwa m'nyumba mwazizira moti zala zikukana kugwira cholembera. Iwe wapita ku Kaphuka kukatsanzika azakhali ako, abambo ako ali kudimba, ndiye ndapeza mpata. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Blantyre. Kalata ino ndiika m'sutikesi, pansi pa juzi yako. Pa positi sindikuitumiza, ukudziwa wekha kuti masiku ano envelopu imafika ena atayamba aisuzumira. Pamanja sindikupatsanso, kuopa kuti ungaitsekule ndili pomwepo. Muli mawu amene sindingapirire kukuona ukuwawerenga.

Malaya ako oyera ndachapa, ali pachingwe apa, mphepo ikuwakupiza. Zaka ziwiri ndakhala ndikupempha Mulungu kuti uchoke pakhomo pano ukayambe moyo wako. Lero wandiyankha, ndipo ndine woyamba kudandaula. Ndazolowera kumva chifuwa chako m'mawa kuseri kwa khoma. Ndazolowera kutenga mbale zitatu.

Ukupita wopanda ntchito m'manja. Chimene uli nacho ndi dipuloma yako ya zaulimi, tsiku limodzi lokayesedwa ku kampani ya mbewu ija, ndi mphasa kwa amalume ako ku Chilomoni. Mwina akakutenga, mwina ayi. Sindikunamiza kuti ndalota zabwino. Chimene ndingakupatse ine ndi malo amene ndinapunthwa, kuti iwe ukafikapo uzikweza phazi.

Wakula ukumva kuti ndinasiya sukulu ya uphunzitsi chifukwa agogo ako anadwala. Anadwaladi, koma ine ndinali nditafika kale kumudzi. Chaka chachiwiri cha maphunziro anatitumiza kukaphunzitsa moyeserera, woyesa atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi buku lake pamwendo. Ine anandipatsa Sitandade 3. Ndinalemba tsiku pabolodi bwinobwino. Nditatembenuka n'kuona maso onse aja, mtima unayamba kugunda mpaka m'makutu, choko chinagwa. Ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndinachidutsa chimbudzicho, ndinadutsa bwalo la mpira, ndinakatulukira kumsewu. Asisitere aakulu a pasukulupo anandilembera kawiri. Kalata yachiwiri inali ndi mawu ochepa: “Rozina, bwerera, ambiri zimawachitikira.” Sindinayankhe, manyazi anandikulira. Lero ndili ndi imvi, koma belu la kusukulu likalira ndili m'munda, ndimaimika khasu. Ndimadziona nditavala diresi lotsukidwa bwino, ndanyamula makope a ana. Ndiye tamvera, mwana wanga. Ukakalowa m'chipinda cha mabwana aja thukuta n'kuyamba, mawu n'kuthawa, upemphe madzi. Ukalephera tsikulo, ulephere uli pampando. Ukatuluka, ukagogodenso pena mawa lake. Kuthawa kumakoma tsiku limodzi lokha, masiku otsalawo umangokhala ukulisuzumira khomo limene unatulukira.

Utabwera ku koleji tinapha mbuzi, abambo ako anavala jekete la ukwati. Tonse tinkati mwezi sutha usanaitanidwe. Unalemba makalata kuboma, kumaesiteti, kumakampani, ndipo mvula inagwa n'kutha. Tsiku lina ku mphakati, titatha kupemphera, amayi ena anandifunsa akumwetulira: “Nanga adipuloma athu ayamba liti, mayi a Venansiyo?” M'malo monena kuti sitikudziwa, ndinati: “Amupatsa malo ku Kasungu, akungodikira galimoto.” Bodza limenelo linayenda msanga kuposa ine. Iwe unapita kuchigayo Loweruka, anthu n'kumakugwira chanza, “Mwayi wanu achimwene, mukatikumbukire ku Kasunguko.” Unabwera ufa uli pamutu, nkhope yagwa. Sunandikalipire. Unangoti, “Amayi, ndakuchititsani manyazi chotero?” Kuyambira tsiku limenelo unasiya kutuluka, kupatula kutchalitchi. Ndinkafuna kuphimba manyazi anga, koma chimene ndinachita n'kukutsekera m'nyumba. Iwe usadzatichitire zomwezo. Ngati mwezi watha osapeza kanthu, ulembe kuti mwezi watha osapeza kanthu. Ngati wapeza ganyu yosenza matumba, ulembe choncho. Ine ndinaphunzira kuyankha. Sabata yathayi amayi omwe aja anandifunsanso, ndipo ndinati, “Akupita kukafunafuna, mumupempherere.” Dziko silinagwe.

Matenda ako atayamba, ine ndinawazindikira tsiku loyamba. Linali Lamulungu lija m'tchalitchi, pa nthawi ya chopereka, pamene unadzuka mwadzidzidzi n'kukagwada kuseri kwa tchalitchi, utagwira pachifuwa, ukunena kuti ukufa. Ndinaona nkhope yako, ndinakumbuka choko changa chija. Ndikanakugwira dzanja n'kunena kuti, “Inenso zinandichitikira, sufa.” Koma kunena zimenezo kukanatanthauza kuulula nkhani yanga. Ndiye ndinamvera anthu. Ena ankati wayamba chamba, ena ankati maphunziro amusokoneza mutu, ambiri ankati wina wamutchinga. Ine, mkazi wa kolona m'khosi, ndinatenga malaya ako mobisa n'kupita kwa sing'anga wina kufupi ndi malire. Iye sanatchule dzina. Anangoti, “Pali mkazi wa kuchimuna amene mwana wake sanaphunzire.” Ine ndinadzimalizira ndekha. Miyezi inayi sindinawapatse moni azakhali ako. Atabwera ndi dengu la mbatata kudzakuzonda, mbatatazo ndinapatsa nkhumba. Komatu ndi iwo omwewo amene anabweranso, n'kukhala pamene ndakhala ine panopa, n'kunena kuti: “Mulamu, ine mundide, palibe kanthu. Koma mwanayu mupite naye kuchipatala cha mishoni Lachinayi. Kumabwera a Kaliwo, namwino wamwamuna amene anaphunzira za matenda a maganizo. Anathandiza mphunzitsi wina kwathu.” Mwana wanga, mtima ukakhala ndi nkhawa umafuna munthu woti umuloze chala. Kutauniko udzaona anzako a kukoleji atavala tayi, ena amene unkawathandiza masamu. Usawade. Usawazembenso pamsewu. Uwapatse moni, uwauze kuti ukufuna ntchito. Safunsa anadya phula.

Ngakhale a Kaliwo ndinayamba ndalimbana nawo. Unapitako Lachinayi katatu, ukuperekezedwa ndi abambo ako, ndipo ukabwera ndinkafunsa, “Akubaya jakisoni?” Iwe n'kumati, “Ayi, timangocheza.” Kachinayi ndinamanga chitenje ndekha n'kupita. Ndinawapeza m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa mosungira mankhwala, muli mipando iwiri ndi tebulo lopendekera. Ndinati: “Bambo, mwana wanga akuonda. Kucheza timacheza naye kunyumba. Kuno tabwerera mankhwala.” Sanakwiye. Anandikokera mpando n'kunena kuti: “Mankhwala ndinamupatsa ochepa oti azigona, ndipo posachedwa asiya. Koma mayi, kunyumbako mukamacheza, amalankhula ndani?” Ndinati tonse. Anafunsanso: “Anakuuzanipo chimene amaopa?” Ndinali nditakuuza zambiri, kuti ulimbe mtima, kuti upemphere, kuti udye. Kukufunsa ndinali ndisanakufunsepo. Iwo anati: “Mwanayu sanapenge, ndipo palibe wamulodza. Wasenza mudzi wonse pamutu, ndipo akuona ngati akautula, nonse muphwanyika.”

Ndinabwerera ndikung'ung'udza, koma ndinayamba kuyang'ana. Ndinakuona mtima ukayamba kuthamanga, ukukhala pansi, dzanja pamimba, kupuma pang'onopang'ono uku ukuwerenga chamumtima. Ndinaona kakope kako kofiira kamene unkalembamo chimene ukuopa mbali ina, ndi chimene chachitikadi mbali inayo. Ndinaona mmene anakuyambitsira kutuluka, tsiku loyamba kufika pachitsime, sabata inayo kugolosale, kenako kutchalitchi pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko. Tsiku limene unafika pamsika wa pa boma n'kubwerera wekha, abambo ako anapita kuseri kwa nkhokwe ndipo anachedwako. Iwo aja anagwira macheka ku Phiri la Dedza zaka zonse zija osadandaulapo, koma atabwera maso anali ofiira. Anati utsi. Panalibe moto.

Kenako unatenga mizere khumi kudimba kwa abambo ako n'kubzala mbatata mwa njira ya kukoleji. Anthu ankaseka kutalikirana kwa mapando. Chiwawu chitagwa, mizere yako inatsala yobiriwira, ndipo omwe ankaseka aja anayamba kubwera m'mawa ndi masamba odwala m'manja, “Aphunzitsi, taonani izi.” Palibe anakulemba ntchito imeneyo. Ukakhala kutauniko n'kuyamba kudziona ngati munthu wopanda pake chifukwa palibe wakupatsa desiki, ukumbukire abambo aja ataima pamzere ndi masamba awo.

Kakope kofiira kaja ndaona waika kale m'thumba, wachita bwino. Kapepala kamene a Kaliwo akulembera kopita kwa mnzawo wa kuchipatala cha ku Blantyre, usakasunge mpaka zinthu zitavuta. Upite sabata yoyamba, uli bwinobwino, akudziwe nkhope. Ndikubwereza, sabata yoyamba. Ndimakudziwa, udzati mawa.

Pali china chimene ife makolo ako tinakuphunzitsa mopyola muyeso. Kuyambira uli wamng'ono tinkakuuza kuti pakamwa pamapha, kuti khoma lili ndi makutu. Sitinkanama. Khadi la chipani likhale m'thumba la malaya nthawi zonse, achinyamata a chipani aja amaima pakhomo la depoti ndi pamsika. Tsitsi uzimeta. M'basi kapena pamalo omwera tiyi munthu akayamba nkhani za boma, iwe uziyang'ana pawindo. Koma ife tinakuphunzitsa kutseka pakamwa osakuuza kuti ndi pa nkhani ziti, ndiye unatsekera zonse pamodzi, za boma ndi za mumtima momwe. Zimenezi n'zosiyana, mwana wanga. Zoyambazo uzimeze. Zinazo ukameza zimakudya. Amalume ako ndi munthu waphokoso, koma ali ndi mtima. Tsiku likakuipira uwauze. Akazi awo ndi ofatsa, ndipo amamva msanga kuposa amuna awo. Uzidya nawo pamodzi, usamadzitsekere.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Ndadzuka kawiri kukatembenuza nyemba zimene ndayanika, pamene sizinafune kutembenuzidwa.

Pansi pa kalata ino upeza envelopu ina yakhaki, yong'ambidwa kale. Ili ndi dzina lako. Inabwera chaka chatha, nthawi imene unkakana chakudya n'kumangogona nsalu ili kumutu. Akatekisiti anandipatsa titatuluka Misa, pochotsa makalata m'thumba la parishi. Ndinaitsekulira kuseri kwa tchalitchi. Inachokera ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Ankakuitana kuti ukayesedwe pa ntchito yothandiza woyang'anira minda, patatha sabata ziwiri. Ndinaiwerenga katatu nditaimirira. Ndinaganiza za iwe, munthu amene sunkatha kufika ngakhale pamsewu, uli wekha m'basi tsiku lonse, kenako pamaso pa azungu ndi mabwana. Ndinati mwana wanga akafera panjira. Ndinaipinda n'kuiika m'kamisolo, ndipo nditafika kunyumba ndinaibisa m'chitini chimene timasungamo makadi a ubatizo.

Unali utakhala pamphasa pakhomo la chipinda chako. Unadzutsa mutu n'kufunsa, “Amayi, kulibe kalata?” Ndinati, “Kulibe.” Unafunsanso Lamulungu linalo, ndi linalo. Tsiku loyesedwa lija linafika, linali Lachitatu, ndipo ndinakuphikira phala la mtedza ngati kuti phala lingalipire. Patapita miyezi, utayamba kuchira, unandiuza tikutola nyemba kuti chimene chinkakupweteka koposa sichinali kusowa ntchito. Unati: “Amayi, pa makalata onse aja, palibe ngakhale mmodzi amene anaona kuti ndine woyenera kundiona nkhope.” Ndinaweramira m'lichero. Analipo, mwana wanga. Analipo amene anawerenga kalata yako n'kufuna kukuona. Ine ndi amene ndinakulanda zimenezo.

Ndinakalapa kwa ansembe, anandipatsa chilango cha mapemphero, ndinapemphera. Mtima sunatsike. Ndiye Lachinayi lina, iwe utapita kudimba, ndinapita kwa a Kaliwo ndekha. Ndinafotokoza zonse, ndipo pomaliza ndinati, “Ndinachita kuti ndimupulumutse.” Iwo anati: “Mwina akanalephera kupita, zimenezo n'zotheka. Mwinanso tikanalemba kupempha tsiku lina. Sitidzadziwa. Koma mayi, kalatayo inali ya ndani?” Ndinati yake. Anafunsanso mofatsa: “Nanga inuyo munkaopa chiyani?” Apo ndi pamene ndinalira, munthu wamkulu, pamaso pa mwamuna wa eni. Ndinawauza za choko, za bwalo la mpira, zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinawauzanso chimene ndinkadzibisira ndekha, chakuti sindinkangoopa kuti ukafa. Ndinkaopanso kuti ukapambana, n'kukhala kutali, ine n'kutsala. Abale ako awiri ali kumanda, wandikhalira ndiwe wekha. Pamene unkadwala ndinkavutika, koma unali pano, ndinkadziwa pamene wagona. Mawu amenewa ndi onyansa kuwalemba, koma ndi oona.

A Kaliwo sanakuuze, chifukwa zolankhulidwa m'kachipinda kaja sizituluka. Anangoti ndikuuze ndekha ndikapeza mphamvu. Ndayesa kangapo. Tsiku lija tinkachokera kumaliro ku Kaphuka tili awiri panjira, ndinatsekula pakamwa, koma ndinakamba za mvula. Abambo ako ndawauza dzulo. Anakhala nthawi yaitali akusema mpini umene unali utatha kale. Kenako anati, “Mwanayo asachoke asakudziwa.” Ndachita mwamantha, pokuuza kudzera papepala, koma ndachita.

Sindikukupempha kuti undikhululukire msanga. Usandilembere kuti “palibe kanthu, amayi” pamene kanthu kalipo. Umenewo ndi ulemu umene unakudwalitsa. Ngati wakwiya, kwiya. Ukauze mnzawo wa a Kaliwo uja, ulembe m'kakope kako, uyende mpaka miyendo itope. Envelopuyo ndi yako, uchite nayo zimene ukufuna. Mwina ungawalembere a ku Mulanjewo n'kunena zoona, kuti unkadwala ndipo kalata sinakupeze. Mwina malo anadzaza kalekale. Koma ukakalowa kukayesedwa sabata yamawa, ulowe ukudziwa kuti si koyamba anthu kukuitana.

Chinanso n'chakuti usabwerere chifukwa cha ine. Ndikudziwa mtima wako. Udzamva kuti kuno kwazizira, kuti msana wanga wayambanso, n'kuyamba kuganiza kuti kuli bwino ukalime kwanu. Ukadzafuna kubwera kudzalima chifukwa ndi chimene wasankha, munda ulipo ndipo tidzakulandira ndi nthungululu. Koma ukadzabwera pothawa, kapena pondimvera chisoni, ndidzakukweza basi ndekha. Ndikulemba izi dzanja likukana. Ndidzakusowa pa nthawi ya kolona madzulo, poti ndiwe unkayambitsa nyimbo, abambo ako mawu alibe. Mapichesi akuseri akadzachita maluwa, sindikudziwa kuti ndidzaitana ndani kuti adzaone. Zimenezo ndi katundu wanga, ndipo a Kaliwo akuti ndizipitabe Lachinayi lina lililonse ndikafuna. Ndidzapita. Iwe senza wako yekha.

M'kathumba ka pulasitiki muli mtedza wokazinga ndi mbatata zophika za panjira. Nsawawa zouma ndi nyemba ndi za akazi a amalume ako, usaiwale kuwapatsa ndi manja awiri. Juzi uzivala, ku Blantyre nakonso kumagwa chiperoni. Ukatsika basi usapatse munthu sutikesi kuti akunyamulire, dikira amalume ako pamene anakuuza.

Ndikuona abambo ako akukwera kuchokera kudimba, khasu paphewa, ndiye ndilekeze apa.

Ukafika ulembe. Ngati dzanja likukana kulembera ine, ndimva, ulembere abambo ako. Koma udziwe kuti maso awo anafooka, zilembo saziona, ndipo wowawerengera ndine. Usachepetse mawu chifukwa cha zimenezo. Chilichonse chimene udzalembe, ngakhale chonena za ine, ndidzawawerengera mokweza pakhonde pano, ndipo sindidzadumpha mzere.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Rozina Nachisale